Tionjezere Masoketi m'Nyumba Mwanzeru

Kuno ku Domwe usiku wasintha. Makolo athu anali kuunikira ndi moto wa pa mafuwa ndi muuni wa udzu. Ife tinakula ndi koloboyi wa palafini, amene utsi wake unali kudetsa mphuno za ana. Lero tikayenda madzulo m'midzi ya m'tsinde mwa phiri, tiona kuwala koyera kukutuluka pa mazenera. Pa madenga ambiri pali panelo ya sola. Ku Ulongwe ndi m'malo ena a m'mbali mwa mseu, nyumba zina zalandira magetsi a pa mitengo.

Koma magetsi akalowa m'nyumba amabwera ndi njala yake. Poyamba tifuna babu limodzi lokha. Mawa mwana afuna kuchaja foni. Mkuja mai afuna nyale kukhichini. Tikagulitsa mbatata ya kacewere, nyemba kapena fodya, bambo abwera ndi wailesi yakanema pa njinga. Soketi imodzi, imene ena timati tomada, sikwaniranso. Pamenepo munthu atenga mpeni ndi kacidutswa ka nthambo, nayamba kulumikiza.

Apa ndi pamene pali nkhani yathu. Nthambo yolumikizidwa bwino itumikira banja zaka zambiri. Nthambo yolumikizidwa mwacisawawa ingathe kutentha nyumba, nkhokwe ndi mbeu zonse usiku umodzi. Tiyeni tiphunzire pamodzi.

Magetsi athu ndi a mitundu iwiri

Mtundu woyamba ndi magetsi a pa mitengo. Ambiri mwa magetsi a dziko lathu apangidwa m'cigawo cathu comwe cino ca Tete, pa damu la Cahora Bassa, pafupi ndi Songo. Nchito yomanga damu limeneli inayamba mu 1969, ndipo madzi a Zambezi anatsekedwa mu 1974. Makina ake asanu angathe kupanga mamegawati 2,075. Kwa zaka zambiri damuli linali m'manja mwa Portugal, ndipo pa 27 Novembala 2007 gawo lalikulu linabwera m'manja mwa Mozambique. Amene agawa magetsi m'nyumba ndi a Electricidade de Moçambique, kapena kuti EDM, bungwe limene linakhazikitsidwa mu 1977. Magetsi amenewa afika m'nyumba ndi mphamvu ya mavolti 220. Mphamvu yotere ingathe kupha munthu.

Mtundu waciwiri ndi magetsi a dzuwa. Panelo ilandira dzuwa masana, ndipo batire isunga mphamvuyo kufikira usiku. Batire zambiri za m'midzi mwathu ndi za mavolti 12. Bungwe la boma la FUNAE, limene linayamba mu 1997, lakhala likuika sola m'masukulu ndi m'zipatala za kumidzi. Mu 2018 boma linakhazikitsa dongosolo la Energia para Todos, lofuna kuti magetsi afike kwa munthu aliyense pofika 2030. Ena adzawalandira pa mitengo, ena pa denga.

Ku Ulaya ndi ku South Africa kuli tinyumba ta matayala tokokedwa ndi galimoto, totchedwa kalavani. Anthu agonamo akapita kukaceza kutali. M'kanyumba kotere muli magetsi a mitundu iwiri yomweyi. Nyale zina zidya batire ya mavolti 12. Masoketi ena alandira magetsi aakulu pamene kanyumbako kaima pa malo ogona. Eni ake akafuna kuonjezera soketi kapena polowetsa antena, asunga lamulo limodzi: njira ziwirizi zisakomane. Nyumba zathu za njerwa ndi za dothi zifuna lamulo lomweli.

Mau atatu oyenera kuwadziwa

Pa batire, pa babu ndi kumbuyo kwa wailesi pali zilembo ndi manambala. Tisazidumphe. Zilembo zofunika ndi zitatu: V, A ndi W.

Tonse tidziwa kuthirira dimba ndi ngalande. Madzi akacokera pamtunda kwambiri, atsika ndi mphamvu. Mphamvu yokankha imeneyi ifanana ndi mavolti, ndiwo V. Kuculuka kwa madzi oyenda m'ngalande kufanana ndi maampeya, ndiwo A. Nchito imene madziwo agwira ifanana ndi mawati, ndiwo W. Nthambo ndiyo ngalande yathu.

Masamu ake ndi apafupi. Tikaculukitsa mavolti ndi maampeya, tipeza mawati. Tikagawa mawati ndi mavolti, tipeza maampeya. Cinthu ca mawati 60 pa batire ya mavolti 12 cikoka maampeya 5. Cinthu ca mawati 60 pa magetsi a mavolti 220 sicikoka ngakhale theka la ampeya imodzi. Tiona tsono kuti magetsi a batire, ngakhale ali ofooka pokankha, ayenda oculuka m'nthambo. Cifukwa cake afuna nthambo yonenepa.

Ambiri aganiza kuti batire iribe ngozi popeza siigwedeza munthu. Nzoona kuti mavolti 12 saluma dzanja louma. Koma nthambo ziwiri za batire zikakhudzana, maampeya mazana atuluka nthawi imodzi. Nthambo ifiira ngati khasu pa ng'anjo, ndipo pulasitiki yake iyaka. Magetsi a pa mitengo apha ndi kugwira. Magetsi a batire apha ndi moto.

Tiwerenge tisanagule

Mai wanzeru sayamba kuitana alendo asanayang'ane m'nkhokwe. Batire ndiyo nkhokwe ya magetsi. Soketi iri yonse imene tionjezera ndi pakamwa pena pofuna kudya.

Tikaculukitsa mawati ndi maola, tipeza cakudya ca tsiku limodzi. Amisiri acilemba Wh. Titenge citsanzo ca nyumba imodzi.

Mababu 3 a mawati 5, oyaka maola 4, adya 60. Wailesi yakanema yaing'ono ndi dikoda yake, zonse mawati 40, zikayaka maola 3 zidya 120. Mafoni 4, iri yonse pafupifupi 10, adya 40. Wailesi ya mau ya mawati 5, yolira maola 4, idya 20. Zonse pamodzi ndi 240.

Tsopano tiyang'ane nkhokwe. Pa batire palembedwa 12 V ndi 100 Ah. Tikaculukitsa tipeza 1,200. Koma batire ya mtovu ndi asidi siifuna kukokoloka mpaka pansi. Tikamaimaliza masiku onse, ifa msanga. Titapemo theka lokha, ndiye 600. Panelo ya mawati 100, pa tsiku la dzuwa labwino, ibweza pakati pa 350 ndi 400. Nyumba yodya 240 iri bwino, ndipo ingathe kupirira masiku awiri a mitambo.

Nanga tikalowetsa simbi yamagetsi ya mawati 1,000? Pa theka la ola idya 500, cakudya ca masiku awiri. Ikokanso maampeya opitirira 80 pa batire. Simbi, ketulo ndi mbaula yamagetsi si za sola yaing'ono. Simbi ya makala ikhalebe pa nchito yake.

Tikumbukenso nyengo yathu. Domwe ndi dziko lokwera, ndipo phiri lake lipitirira mamita 2,000. M'miyezi ya Juni ndi Julayi kumabwera masiku a nkhungu ndi kamvula kowaza. Mu Januwale ndi Febuluwale mitambo ya mvula iphimba dzuwa. Tiwerengere masiku oipa, osati abwino okha. Panelo iyang'ane kumpoto, popeza ife tiri kumwera kwa ikweta. Ipendeke pang'ono kuti madzi atsetsereke. Fumbi la cilimwe tilipukute ndi nsalu yonyowa, ndipo nthambi ya mtengo isaike mthunzi pa iyo.

Nthambo yoyenera

Pa msika pali nthambo zambiri. Zina zioneka zonenepa, koma kunenepako ndi kwa pulasitiki. Tiyang'ane kumapeto kwake, tione mkuwa. Zina ndi za aluminiyamu wopakidwa mtundu wa mkuwa. Tikapala ndi mpeni ziyera mkati, ndipo sizinyamula magetsi ngati mkuwa weniweni.

Kunenepa kwa nthambo kulembedwa pa khungu lake: 0.75, 1.5, 2.5, kapena 4. Pa magetsi a pa mitengo, amisiri aika 1.5 ku mababu ndi 2.5 ku masoketi. Pa batire, utali wa njira uli ndi kanthu kwambiri. Titenge soketi imene iri mamita 10 kucokera pa batire. Magetsi apita ndi kubwera, ndiye ayenda mamita 20. Cinthu cokoka maampeya 5 pa nthambo ya 0.75 citaya mavolti opitirira 2 m'njira. Pa 12 patsala osakwana 10, ndipo wailesi yakanema izima yokha. Pa nthambo ya 2.5 citaya osakwana volti imodzi. Mphamvu yotayikayo siisowa cabe. Isanduka kutentha m'nthambo.

Conco batire ikhale pafupi ndi zinthu zodya kwambiri. Njira ikhale yaifupi. Nthambo ya masipika ndi ya foni zakale si za masoketi.

Polumikiza tisangopota nthambo ndi zala n'kukulunga pepala la shuga. Mfundo yotere imasuka, icita dzimbiri, kenaka itentha. Tigwiritse nchito tizolumikizira ta masikuluwu, totsekeredwa m'kabokosi. Nthambo iyende m'paipi yapulasitiki, cifukwa makoswe akonda kutafuna khungu lake. Isapanikizidwe ndi msomali wopinda. Isadutse pa mphepete pakuthwa pa lata popanda cochinga. M'nyumba ya udzu, nthambo iyende pa khoma, pansi pa tsindwi, osati kusomekedwa m'udzu.

Pa batire, nthambo yofiira ipita pa cizindikiro ca +, yakuda pa cizindikiro ca −. Tikazitembenuza, wailesi ingathe kupsa nthawi yomweyo. Pa magetsi a pa mitengo mitundu ndi ina. Yabulauni ndiyo yamoto, yabuluu ndiyo yobwerera, ndipo yobiriwira ndi yacikasu ndiyo yopita m'nthaka.

Mlonda wa nyumba

Fyuzi ndi kawaya kocepa koikidwa dala kuti kaduke. Maampeya akaculuka, iko kasungunuka nthambo isanatenthe. Mtengo wake ndi wocepa kuposa wa nkhuku, koma ndiko kalondera nyumba yonse.

Fyuzi iikidwe pa nthambo yofiira, pafupi penipeni ndi batire. Nthambi iri yonse yatsopano ikhale ndi fyuzi yake. Nambala ya fyuzi ikhale yoposa pang'ono maampeya amene tikoka, koma yosaposa amene nthambo ingathe kunyamula. Pa nthambi yokoka maampeya 5, ya nthambo ya 2.5, fyuzi ya 10 ikwanira.

Fyuzi ikaduka, yatiuza kuti pali cobvuta. Tifune cobvutaco. Tisaike msomali, waya wa mpanda kapena pepala lasiliva m'malo mwake. Kutero nkumanga mlonda manja.

Pakati pa panelo ndi batire pakhale kabokosi koyang'anira, kamene m'masitolo akachula kuti regulador. Kaletsa batire kudzaza mopitirira, ndipo kazimitsa nyale batire ikatsika kwambiri. Masoketi aang'ono a mavolti 12 acokere pa kabokosika. Inveta, imene isandutsa mavolti 12 kukhala 220, ilumikizidwe pa batire ndi nthambo zazifupi zonenepa ndi fyuzi yakeyake. Tikumbuke kuti magetsi otuluka mu inveta apha ngati a pa mitengo.

Batire ya asidi ikamadzaza itulutsa mpweya woyaka. Ikhale pa malo opita mphepo, kutali ndi moto, kandulo ndi fodya. Isakhale pansi pa bedi. Ikhale m'bokosi loboola, kuti ana asaikepo supuni kapena mpeni. Madzi ake akatsika, tithiremo madzi a batire okha, osati a pa citsime.

Mapulagi a m'malire

Ife tikhala m'malire. Katundu wathu acokera mbali zitatu. Wogulidwa ku Ulongwe kapena ku Tete ali ndi pulagi ya mano awiri obulungira. Wodzera pa Calómuè kucokera ku Dedza ali ndi mano atatu a ngodya, monga mwa masoketi a ku Malawi. Wobwera ndi ana athu ogwira nchito ku Johannesburg kawirikawiri ali ndi mano atatu aakulu obulungira. Mphamvu ya magetsi m'maiko atatuwa iri pafupifupi imodzi, 220 kapena 230. Cosiyana ndi mano.

Pulagi ikakana kulowa, ena aidula, nasomeka nthambo zamaliseche m'soketi, nazipanikiza ndi mitengo ya macesi. Ici ndi coopsa. Mwana wokwawa angathe kuzikoka. Njira yabwino ndi kusintha pulagi, kapena kugula adaputa yolimba. Tisasanjikize maadaputa atatu pa soketi imodzi ngati nthoci pa mkoko.

Cinthu cina cacikulu ndi ici. Soketi ya mavolti 12 isafanane ndi ya 220. Zikafanana, tsiku lina mlendo kapena mwana adzalowetsa cinthu pa malo olakwika. Pa batire tiike masoketi a USB kapena onga a m'galimoto. Tilembe pa khoma ndi zilembo zazikulu: 12 V apa, 220 V apo.

Pa nyumba ya amalume

Caka cina, atagulitsa mbatata, amalume athu anagula wailesi yakanema. Anafuna masoketi awiri atsopano: imodzi pa balaza, ina kucipinda kwa ana asukulu. Anali atagula kale mpukutu wa nthambo yoonda. Tinasonkhana Loweruka m'mawa kuti tithandize. Pakati pathu panali mwana wa mlongo wao, amene anaphunzira za magetsi ku Tete.

Mnyamatayo anatenga nthambo ija, naipala, naiyang'ana. Anakhala pansi, nati: "Amalume, pepani, ndilankhuleko. Nthambo iyi ndi ya nyale imodzi. Wailesi yanu siingayende nayo."

Amalume anati: "Mphwanga, ndalama zapita kale. Kodi magetsi aona kunenepa kwa waya?"

Iye anati: "Aona, amalume. Kodi madzi a dimba lanu lonse mungawapititse m'bango?"

Akazi ao anali kupeta nyemba pa khonde. Anati: "Bambo, mverani mwanayu. Mbeu yathu ya cimanga iri pa tsindwi lomweli."

Amalume anakhala cete pang'ono, kenaka anaseka, nati: "Safunsa anadya phula. Tiuze cocita."

Nchito inayenda motere. Poyamba tinalemba pa pepala zonse zodya magetsi, ndi kuwerenga ngati batire ikwanira. Kenaka tinayeza njira ndi cingwe, ndipo tinasuntha batire kuti iyandikire pa balaza. Mnyamata wina anapalasa njinga kukasinthitsa nthambo ndi kugula mafyuzi. Tisanakhudze kanthu, tinaphimba panelo ndi bulangete. Tinamasula nthambo za panelo pa kabokosi, kenaka za batire. Tinakhomera paipi pa khoma ndi kulowetsamo nthambo. Masoketi tinawaika pamwamba, posafika mwana wokwawa ndi madzi okolopera. Pomaliza tinabweza batire, kenaka panelo, ndipo fyuzi inalowa pambuyo pa zonse.

Wailesi itayaka ola limodzi, mnyamata uja anatiuza kuti tigwire nthambo ndi mfundo zonse. Zinali zozizira. Anati: "Cizindikiro ndi cimeneci. Mukadzamva kufunda kapena fungo la pulasitiki, zimitsani, mundiitane."

Nchito ya mavolti 12 tingathe kuigwira tokha tikaphunzira bwino. Nchito ya mavolti 220 ndi ya mmisiri wophunzira. Iye adzaika nthambo ya m'nthaka ndi swichi yodzizimitsa yokha magetsi akayamba kudutsa m'thupi la munthu. Pa swichi yotere palembedwa 30 mA. Kukoka magetsi kwa mnansi ndi nthambo yoyenda pansi kapena pa mpanda nkoletsedwa, ndipo mvula ikagwa nthambo yotere ndi msampha wa ana ndi ziweto.

Nthambo ya antena

Wailesi yakanema inayamba m'dziko lathu mu 1981, ndipo poyamba inaoneka ku Maputo kokha. Kwa anansi athu a ku Malawi inayamba mu 1999. Mu 2021 dziko lathu linayamba kuzimitsa kaulutsidwe kakale ndi kulowa m'kaulutsidwe ka digito. Cifukwa cake wailesi zakale zifuna dikoda.

Zithunzi zifika m'njira ziwiri. Yoyamba ndi antena ya pa mlongoti, imene ena timati eriyo. Iyo ilandira mafunde ocokera pa nsanja youlutsira. Mafundewa ayenda molunjika, ndipo phiri liwachinga. Nyumba ya pa citunda ingathe kulandira bwino, pamene ya m'cigwa isowa. Yaciwiri ndi mbale, imene iyang'ana satelaiti yokhala kumwamba pa mtunda wa makilomita pafupifupi 36,000. Mbale siiopa phiri lakutali, koma iopa nthambi ya mtengo patsogolo pake, ndipo mvula yamphamvu idula zithunzi kwa kanthawi. Tisanagule, tifunse anansi cimene cigwira pa malo athu.

Nthambo ya antena ndi yosiyana ndi ya magetsi. Ndi yobulungira. Pakati pali waya mmodzi wamkuwa. Pomzinga pali pulasitiki yoyera, kenaka ukonde wa tiwaya tosalala, kenaka khungu. Waya wapakati anyamula zithunzi. Ukonde uchinga zosokoneza. Poika pulagi tisende mosamala, ndipo kawaya ka ukonde ngakhale kamodzi kasakhudze waya wapakati. Kakakhudza, zithunzi zisowa, ndipo munthu aganiza kuti wailesi yafa.

Nthambo imeneyi isapindidwe mwamphamvu pa ngodya, ndipo isaphwanyidwe ndi citseko. Isayende m'paipi imodzi ndi nthambo ya magetsi. Polowa m'nyumba, iyambe yatsika pang'ono kenaka ikwere kulowa pa bowo, kuti madzi a mvula adonthere kunja. Mfundo ya kunja ikulungidwe bwino, cifukwa madzi akalowa mkati nthambo yonse iwonongeka.

Tikafuna polowetsa antena paciwiri m'cipinda cina, tisapote nthambo ziwiri pamodzi. Pa antena ya pa mlongoti pali kacitsulo kogawira, ka khomo limodzi lolowera ndi awiri otulukira. Koma tidziwe kuti kugawa kucepetsa mphamvu. Mbali iri yonse ilandira yosakwana theka. Kumene mafunde afika ofooka kale, wailesi zonse ziwiri zingathe kusowa zithunzi. Pa mbale, dikoda yaciwiri ifuna nthambo yakeyake yocokera pa diso la mbale la makomo awiri.

Poimika mlongoti, tiyambe tayang'ana kumwamba. Ngati pali nthambo za magetsi pafupi, tisankhe malo ena. Mlongoti ukhale kutali kotero kuti ngakhale utagwa sungazifike. Nsungwi yaiwisi kapena yonyowa ipititsa magetsi. Nchito imeneyi isagwiridwe ndi munthu mmodzi. Mutu umodzi susenza denga.

Mphezi

Walira mvula walira matope. Mlongoti wautali ubweretsa zithunzi, koma uli pamwamba pa zonse, ndipo mphezi ikonda zinthu zazitali. Kuno kumapiri, kuyambira Novembala mpaka Malici, mabingu sasowa. Mphezi ndi magetsi a m'mitambo, amphamvu kopambana a Cahora Bassa pa kamphindi kamene igwa. Siisankha munthu ndipo siitumidwa ndi mnansi. Ifuna njira yapafupi yopita m'nthaka.

Tiipatse njira kunja kwa nyumba. Mlongoti wacitsulo ulumikizidwe ndi waya wonenepa wamkuwa ku ndodo yacitsulo yokhomeredwa mozama m'nthaka. Wayayo atsike molunjika. Koma cochinjiriza coposa zonse ciri m'manja mwathu. Tikamva bingu patali, tizimitse wailesi, tizule pulagi ya magetsi, tizulenso nthambo ya antena ndi kuiika kutali ndi anthu. Tizule mvula isanafike. Mabingu ali pamutu, tisakhudzenso nthambo. Mpira tidzaumva mawa kwa anzathu.

Ngozi ikagwa

Munthu akagwidwa ndi magetsi, tisamgwire ndi manja. Tizimitse swichi yaikulu. Ngati iri kutali, ticotse nthambo ndi mtengo wouma, titaima pouma. Kenaka timtengere kucipatala, ngakhale aoneke ngati ali bwino, cifukwa magetsi asokoneza mtima. Nthambo ya pa mitengo ikagwa pansi, tisaiyandikire konse. Tichinge anthu ndi ziweto, ndipo tidziwitse a magetsi.

Nthambo ikayaka moto, tiyambe tadula magetsi. Tithire mcenga kapena dothi. Madzi tisathire magetsi asanazime. Asidi wa batire akagwera pa khungu kapena m'maso, titsuke ndi madzi ambiri kwa nthawi yaitali, ndipo tipite kucipatala. Batire yakufa tisaiswe, ndipo tisaitaye m'dimba kapena pafupi ndi citsime. Mtovu ndi poizoni, makamaka kwa ana. Tiibweze kwa ogulitsa kapena kwa ogula zitsulo zakale.

Mwamuna ndi mkazi, onse adziwe pamene pali fyuzi ndi swichi yaikulu. Ana okulirapo aonetsedwenso. Nthawi zambiri bambo ali kumunda kapena kumsika, ndipo amene ali pakhomo ndi mai ndi agogo.

Anzathu, ndalama za mbatata tizipeza ndi thukuta la miyezi yambiri. Tikagula wailesi, tisaumire pa nthambo ndi fyuzi. Tiwerenge manambala a pa katundu tisanalipire. Tifunse amene adziwa. Tikatero ana athu adzawerenga madzulo pa kuwala kwabwino, ndipo ife tidzagona tulo tosadera nkhawa tsindwi.

Tikambirane

1. Kodi m'nyumba mwanu muli zinthu zingati zodya magetsi? Lembani mawati a ciri conse.
2. Babu la mawati 5 likayaka maola 6, lidya zingati?
3. Wailesi ya mawati 36 ikoka maampeya angati pa batire ya mavolti 12?
4. Cifukwa ninji soketi ya 12 V siyenera kufanana ndi ya 220 V?
5. Kodi m'mudzi mwanu ndani adziwa nchito ya magetsi? Tingacite ciani kuti anyamata ndi atsikana ambiri aiphunzire?